Mthunzi Wotsala

Nyumbayi ndinayamba kuijambula magetsi atazima,
ku Kabwata, pa tebulo lodyera,
foni itatsamira kapu kuti indiunikire.
Nsanjika makumi awiri ndi zinayi.
Pansi pake sindinaikepo khoma.
Ndinkafuna munthu wochoka ku Kamwala ndi katundu pamutu
adutse pakati pa mizati osapempha,
mvula ya Novembala ikamupeza
aime, atule, apukute nkhope.
Nsanjika yachisanu iliyonse ndinaibowola
kuti mphepo ya Ogasiti ipeze podzera,
ndipo pamakondepo ndinaika timitengo,
masamba ndinapaka ndi pensulo yobiriwira ya mwana wanga.

A Mudenda, eni ndalama, anayamba ndi kuyamikira.
Anthu otere amayamba choncho.
Kenako anagwetsa chala pakhonde:
Mayi Daka, apa alipira lendi ndani? Mphepo?
Ndinaseka, poti onse anaseka.
Makonde anayi anasanduka maofesi.
Timitengo tinatha ndi chofufutira,
nyenyeswa zake ndinaziuzira pansi ndekha.

Mwezi wotsatira kunabwera a Kapambwe,
wapolisi wopuma, wa mawu otsika,
faelo kukhwapa.
Iwo sanaone nyumba. Anaona galimoto
yothamanga kuchokera ku Cairo Road,
anaona chikwama chosiyidwa patsinde pa mzati,
anaona khamu lokwiya, miyala m'manja.
Sindinganene kuti ankanama.
Galasi losweka nanenso ndinalisesapo.
Koma m'maso mwawo mayi wootcha chimanga
anali funso, mbaula yake funso lachiwiri.

Tsekani pansipa, anatero.
Dzalani zitsulo zofika m'chiuno kuzungulira.
Mazenera a nsanjika zitatu zoyamba achepe
mpaka mutu wa munthu ulephere kulowa.
Khomo likhale limodzi.
Ndipo nyumba inabwerera m'mbuyo mamita khumi ndi asanu,
kuupatukira msewu
ngati mkamwini wakumana ndi apongozi panjira.

Ndinasaina. Fizi ya ana sidikira munthu.
Pulani iliyonse yokonzedwanso inali ndi chilembo pakona,
A, B, C, mpaka tinafika pa M.
Pa M ndinaiyang'ana ngati mwana wobwera kutchuthi
atameta mpala, akuyankha moni wanga
ndi ulemu wa mlendo.

Lero yaima. Galasi labuluu, losalala,
makamera m'makona ngati akadzidzi osagona masana.
Ndinapitako Lachinayi kukaona mng'alu pasiling'i.
Mlonda, mnyamata waulemu ndithu, anandipempha chiphaso,
nalemba dzina langa molakwika m'buku lake,
nafunsa ngati ndili ndi amene ndikumudziwa m'katimo.
Ndinaganiza nthawi yaitali.

Potuluka mvula inayamba,
ija ya madontho akuluakulu onunkhira fumbi.
Kuseri, mbali yoyang'ana njanji, kuli kadenga
kodumphira kunja kwa mpanda, kutalika mkono umodzi basi.
Kanalipo pa A.
Pa C ndinakasintha dzina, ndinakatcha ngalande ya madzi,
ndipo ngalande palibe amene amaiwerengera lendi,
palibe amene amaiopa.
Kanadutsa zilembo zonse kali zii.

Pansi pake panaima wopukuta nsapato ndi bokosi lake,
atsikana awiri a yunifomu akugawana chigumu,
mnyamata wa maambulera amene sanatsegule ndi imodzi yomwe,
bambo wina atakumbatira envulopu ya khaki,
ndi mayi wa chimanga, akutchinga mbaula ndi chitenje.
Asanu ndi mmodzi.
Anasendera osandiyang'ana, ndinalowa.
Utsi wa chimanga unakwera m'khoma la galasi
osalembetsa dzina.
Phewa langa lamanzere linanyowa mpaka m'kati.
Ndikanawonjezera theka la mita.